Makolo, lekani kusankha komiti ya pasukulu maso ali kunjira

Makolo anzanga, tamverani kuno. Zomwe tikuchita pa zisankho za komiti ya makolo ndi aphunzitsi sizabwino, ndipo odzalira nazo ndi ana athu omwe.

Tsiku la chisankho likafika, ambiri sitipita n'komwe. Ochepa amene apitawo amakhala mtima uli kunyumba. Wina akangoimirira n'kunena kuti "omwewo apitirize," manja onse m'mwamba, nkhani yatha, aliyense ulendo. Palibe wofunsa kuti kodi bambo tawapatsa upampandowa si omwe aja amasoka mayunifolomu a pasukulu pano? Nanga mayi tawasungitsa chumawa si akazi awo? Timaopa kufunsa poganiza kuti ndi mwano. Mwano wake uti, ndalamazo mwasonkha ndinu, movutikira?

Taganizirani bwino za banja limodzi pa mipando iwiri. Makomiti ambiri ali ndi lamulo loti ndalama zisatuluke kubanki popanda anthu awiri kusaina. Analiika dala lamuloli, kuti wina aziona zomwe mnzake akuchita, ndipo pofunika kukana athe kukana. Tsono ngati osainawo amagona nyumba imodzi, wokana ndani? Sindikunena kuti ndi akuba ayi, mwina ndi anthu okhulupirika ndithu. Koma tsiku lomwe mabuku a ndalama adzasokonekere, kodi mayiwo adzaimirira pamaso pa makolo onse n'kuneneza amuna awo? Akuluakulu adati khoswe wa pamkhate sapheka.

Wabizinesi nayenso chimodzimodzi. Komiti ikafuna kugula mabuku kapena kukonzetsa denga, wapampando ayenera kufunira sukulu mtengo wotsika. Ngati wogulitsayo ndi iye yemwe, thumba lake likufuna mtengo wokwera. Amalonda ena akamva, sabweretsanso mitengo yawo, poti akudziwa kale komwe ntchitoyo ipite.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kayendetsedwe ka chisankho chenichenicho. Munthu akupikisana nawo, koma ndi yemweyonso akulemba maina a opikisana, akutumiza uthenga wa tsiku la msonkhano, mapeto ake akuwerenganso mavoti. Uthenga umafika msanga kwa anzake, kwa ena umafika usiku woti mawa ndi msonkhano, atakonza kale zina. Kenako akuti tivote pokweza manja, mphunzitsi wamkulu ali pomwepo akuyang'ana nkhope imodziimodzi, m'bale wake ali pamndandanda wa opikisana. Ndi kholo liti lingalimbe mtima kukwezera wina dzanja, pomwe mawa m'mawa mwana wake akhala m'manja mwa mphunzitsi yemweyo? Limangoyang'ana pansi, dzanja n'kukwera lokha mtima usakufuna. Zimenezo musamazitche chisankho.

Inu ofuna mipando, kukhala ndi bizinesi kapena chibale pasukulu palibe akukuletsani. Chomwe tikudana nacho ndi kubisa. Imirirani anthu asanavote, munene poyera kuti "ine ndimagulitsa zakutizakuti pasukulu pano," kapena "mphunzitsi uje ndi mlongo wanga," mlembi alembe, makolo asankhe akudziwa. Mukapambana, nkhani yokhudza thumba lanu kapena m'bale wanu ikafika, tulukani panja, anzanu akambirane ndi kuvota inu palibe. Mukaona kuti muzituluka msonkhano uliwonse, dziwani kuti mpandowo sukuyenerani, usiyireni wina.

Ndipo inu makolo, pemphani malamulo oyendetsera komiti tsikulo lisanafike, muone kuti munthu amaloledwa kukhala pampando nthawi yaitali bwanji. Oyendetsa chisankho akhale anthu osapikisana nawo, opandanso m'bale pamndandanda. Voti ikhale ya papepala, yachinsinsi, ndipo mapepalawo awerengedwe pamaso pa onse, wopikisana aliyense ali ndi womuimira pomwepo. Lipoti la ndalama za komiti yotulukayo liwerengedwe voti isanayambe, malisiti ali patebulo, kuti muthe kufunsa mafunso anthuwo asanabwererenso pamipando. Akakuuzani kuti lipotilo silinakonzedwe, musachite manyazi. Imirirani, mupemphe kuti chisankho chiyambe chaima mpaka lipotilo litabwera.