Musanyoze koláč chifukwa choti simunaione pa foni yanu

Mtima wanga sunakhale pansi kuyambira Loweruka, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuyankhula nkhaniyi idzandidwalitsa. Ndinalandira mlendo wochokera ku Britain, munthu wakwathu ndithu, yemwe anabwera kudzaona mzinda wa Prague, likulu la dziko la Czech Republic, ndipo m'mawa ndinamutengera ku kasitolo kophikira buledi komwe kali m'dera lomwe ndimakhala, kutali ndi misewu yomwe alendo amadzazana. Kasitoloko n'kakang'ono kwambiri moti anthu anayi akalowa, wachisanu amadikira panja. Mayi amene amagulitsamo anali atangotulutsa thireyi ya ma koláče (imodzi amati koláč), mabanzi ozungulira okhala ndi zotsekemera pakati, mu uvuni, nthunzi ili tolotolo, ndipo anatipatsa moni mwaulemu monga amachitira ndi aliyense. Mlendo wangayo anamwaza maso m'mashelefu, nafunsa ngati muli trdelník, ndipo atauzidwa kuti mulibe, anatembenukira kwa ine n'kunena mokweza m'Chichewa kuti, "Achimwene, ndiye mwatidzutsira mabanzi wambawa? Ine ndikufuna zenizeni za ku Czech, zija timaziona pa foni." Ananena izi uku akuseka, chala chikuloza chakudyacho. Mayi aja samva Chichewa, koma chala ndi kuseka kuja anazimva bwino lomwe, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa.

Zimenezi zinandikwiyitsa kwambiri, ndipo zikundikwiyitsabe pamene ndikulemba pano. Chakudya chimene chinali patsogolo pake, chimene anachitcha mabanzi wamba, ndicho chakudya chenicheni cha anthu a dziko lino, chomwe agogo awo ankaphika, chomwe ana awo amadya pochokera kusukulu, chomwe amanyamula popita kukaona abale kumudzi. Chimene iye ankachifuna ndi chinthu chomwe amalonda amaphikira alendo. Munthu anaimirira pakati pa chakudya cha eni dziko n'kunena kuti si cha eni dziko, ndipo ananena molimba mtima ngati wodziwa. Umenewu ndi mwano, ndipo sindiupatsa dzina lina.

Ndifotokoze za trdelník yomwe anthu akuipembedzayi. Ndi ufa wokanda womwe amaukulunga pa kamtengo kapena pa chitsulo chozungulira, n'kuuwotcha pamakala, kenako n'kuugubuduza mu shuga, sinamoni ndi mtedza wosinja. Imanunkhira patali, ndipo sindikukana kuti yotentha imakoma. Koma kwawo kwa chakudya chimenechi si ku Prague. Anthu olankhula Chihangare a ku Transylvania, m'dziko la Romania, akhala akuphika mtundu womwewu kwa zaka mazanamazana ndipo amautcha kürtőskalács. Tauni ya Skalica, m'dziko la Slovakia, ndiyo inatchuka ndi trdelník, moti m'chaka cha 2007 bungwe la European Union linateteza dzina la Skalický trdelník kuti likhale la chakudya chophikidwa kumeneko. Slovakia ndi Czech Republic ndi mayiko awiri osiyana kuyambira pa 1 Januwale 1993. M'misewu ya pakati pa Prague trdelník inayamba kudzaza chaka cha 2000 chitadutsa, pamene alendo anachuluka, ndipo mwambo woithira ayisikilimu ndi chokoleti m'kati ndi wadzulodzuloli. Lero ukamayenda kuchokera pa bwalo la Staroměstské náměstí kupita ku mlatho wa Karlův most, timasitolo take tili tindandanda, tina titalembedwa kuti ndi chakudya chamakedzana cha ku Bohemia, chigawo cha dziko lino momwe muli Prague. Funsani munthu wachikulire aliyense wa mumzinda muno ngati amayi ake ankamuphikira trdelník, mudzamve yankho. Ndalama zomwe mlendo amalipira pa imodzi yokha zikhoza kumugulira ma koláče angapo kwa mayi aja, n'kutsalako chenji. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano yang'anitsitsani koláč yomwe inanyozedwayo. Ufa wake amaukanda ndi mkaka, batala, mazira, shuga pang'ono ndi yisiti, n'kuusiya kuti ufufume pang'onopang'ono, chifukwa ukauthamangitsa umatuluka wouma ngati chikuni. Ukafufuma amaudula timibulu, n'kuboola kadzenje pakati, nthawi zambiri ndi pansi pa tambula, ndipo m'kadzenjemo ndi momwe mumalowa ntchito yeniyeni. Mumalowa tvaroh, womwe ndi mkaka wogona wofinyidwa madzi mpaka kukhala tchizi chofewa choyera, chowawasa pang'ono, chosakaniza ndi dzira, shuga ndi mphesa zouma. Mumalowa mák, tinjere takuda ta maluwa a popi, tomwe amayamba atipera kaye n'kutiphika mu mkaka mpaka kukhala phala lolimba lonunkhira. Dziko lino lili m'gulu la mayiko omwe amalima kwambiri popi wodyedwa padziko lonse, ndipo amene wayendapo kumidzi m'nyengo yotentha anaona minda yake itachita maluwa. Mumalowanso povidla, zipatso za plamu zomwe kale amayi kumudzi ankaziphika m'mphika waukulu kwa maola ochuluka, akutakasa mosalekeza, osathiramo shuga, mpaka zitada bii n'kulimba. Pamwamba amawazapo drobenka, tizibenthu ta ufa wofikisa ndi batala ndi shuga, tomwe timakhala khirichikhirichi tikapsa. Yomwe ndinagula tsiku limenelo inali ya tvaroh yokhala ndi kadontho ka povidla pakati, m'mphepete mwake mutafiira bwino chifukwa cha dzira lomwe anapakapo, ndipo nditainyema, batala ananyowetsa pepala lomwe anaikulungiramo. Zonsezi zimachitika usiku, anthu ena ali m'tulo, kuti pofika sikisi koloko m'mawa wogwira ntchito apeze chotentha. Ndiye munthu wongofika dzulo adzaloze chala n'kunena kuti ndi banzi wamba? Sindingavomereze zimenezo.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti koláč si chakudya chapadera chofuna kufufuza kuti uchidziwe, chili paliponse pamene eni dziko ali. Kumadzulo, m'dera la Chodsko pafupi ndi tauni ya Domažlice, amaphika ikuluikulu yomwe pamwamba pake amajambulapo maluwa ndi mizere pogwiritsa ntchito mák ndi povidla pamwamba pa tvaroh woyera, n'kuikapo mphesa zouma ndi mtedza wa amondi. Kum'mawa, m'dera lamapiri la Valašsko ku Moravia, ali ndi frgál, yopyapyala koma yotambalala pafupifupi masentimita 30, yomwe yotchuka kwambiri amaikamo zipatso zouma za mtengo womwe iwo amati hruška (pa Chingerezi pear), ndipo dzina la Valašský frgál nalonso linatetezedwa ndi European Union mu 2013. Paukwati amaphika ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo m'midzi yambiri ankatigawa kwa abale ndi anansi poitanira anthu ku ukwatiwo. Anthu a ku Czech omwe anasamukira ku Texas, ku America, m'zaka za m'ma 1800 anasiya nyumba ndi minda, koma koláč anapita nayo, ndipo mpaka lero tauni yaing'ono ya West imadziwika nayo. Chakudya chomwe anthu anawoloka nacho nyanja kuti asaiwale kwawo, ndi chimenecho mlendo wanga anachiseka. Pambali pake pa shelefu yomweyo panali buchty, timabanzi tophikidwa mothithikana mu chiwaya chimodzi, tokhala ndi povidla m'kati, tomwe ngakhale m'nthano za ana, mnyamata wotchedwa Honza akamanyamuka ulendo amayi ake amamumangira mu kansalu ngati kamba wa panjira. Ikafika Khirisimasi m'kasitolomo mumadzaza vánočka, buledi wolukidwa ngati tsitsi, pa Pasaka mumabwera mazanec, ndipo nyengo ya masopust, Lenti isanayambe, anthu amaima pamzere kufuna koblihy, madonasi okhala ndi jamu m'kati. Chaka chonse cha anthu a dziko lino chimadutsa pa mashelefu amenewo, ndipo trdelník simungaipezepo ngakhale tsiku limodzi.

Akanakhala wodekha akanaonanso zomwe zimachitika masana. Mayi aja amaphikanso mphika umodzi wa supu tsiku lililonse, chifukwa kuno chakudya chachikulu ndi chamasana ndipo chimayamba ndi supu. Tsiku lina ndi bramboračka, ya mbatatesi ndi bowa wouma, tsiku lina ndi česnečka, ya adyo wambiri yomwe amati imachotsa matsire ndi chimfine chomwe. Amaipereka ndi chibenthu cha buledi wakuda wa ufa wa rye, wowawasa pang'ono, wokhala ndi tinjere tonunkhira ta kmín. Pamakhalanso sekaná, nyama yogaya yophikidwa mu uvuni, yomwe amaidula chidutswa chokhuthala n'kuiika m'banzi ndi mpiru wosinja. Amene amadya pamenepo ndi amisiri ovala maovololo odetsedwa ndi penti, oyendetsa tramu (sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda) amene aweruka, ndi agogo omwe amabwera ndi kabakuli kawo kuti akadyere kunyumba. Palibe menyu ya Chingerezi, palibe nyali zokongola, palibe wojambula zithunzi. Anthu amenewa ndiwo eni dziko, ndipo chimene iwo amadya tsiku ndi tsiku ndicho chakudya cha dzikolo. Si mlendo amene angabwere kudzawauza kuti chawo n'chiti.

Mwina vuto ndi zithunzi za pa Instagram, mwina ndi anthu otsogolera alendo omwe amangowazunguliza m'misewu itatu yomweyo, zimenezo sindikufuna kutayirapo nthawi. Chimene ndikudziwa n'chakuti kusadziwa si mlandu, koma kunyoza chinthu chomwe sukuchidziwa, pamaso pa munthu yemwe wachigwirira ntchito usiku wonse, ndi khalidwe loipa. Akanafunsa kuti ichi n'chiyani, akanauzidwa. Akanalawa n'kunena kuti sichinamukomere, ndikanamumvetsa, chifukwa malilime amasiyana ndipo si aliyense amene amakonda mák pa tsiku loyamba. Koma sanafunse ndipo sanalawe, anangoweruza. Safunsa anadya phula. Ndipo chimandipweteka kwambiri kuti ndi munthu wakwathu, chifukwa ife tikudziwa mmene zimawawira. Mlendo atabwera kwathu, amayi n'kumuphikira chigumu chotentha ndi thobwa, iye n'kukankhira kumbali akunena kuti akufuna chakudya chenicheni cha ku Malawi chomwe anachiona pa chithunzi cha ku hotela, ndani wa ife amene angamuseketse? Tingamuone ngati munthu wosaleredwa bwino. Nanga n'chifukwa chiyani ife tikakwera ndege timaiwala ulemu womwe timaufuna kwa ena? Kukhala ndi pasipoti ndi ndalama za mapaundi m'thumba sikumupatsa munthu chilolezo chochepetsa thukuta la mnzake. Chakudya cha m'kasitolo kaja n'chenicheni, chinali chenicheni iye asanabwere, ndipo foni yake siingasinthe zimenezo.

Ndikunena izi kwa aliyense amene akukonzekera kubwera ku Prague, ku Brno, ku Olomouc kapena kwina kulikonse m'dziko lino. Tsikani tramu patali ndi pakati pa mzinda, pezani chikwangwani cholembedwa kuti pekárna, kutanthauza malo ophikira buledi, lowani, perekani moni wa dobrý den, ndipo lozani chimene agogo omwe ali patsogolo panu agula. Ngati simungathe kuchita zimenezo, khalani ku mlatho kuja mudye trdelník yanu mwamtendere, koma musabwere kudzaseka anthu m'madera mwawo.

Ndipo popeza ndayamba, ndinenenso za ena amene amandikwiyitsa mofananamo, ndipo awa ndi okhala momuno, eni dziko ndi ife obwera tomwe. Amalowa m'kasitolo kaja, n'kufunsa mtengo, kenako n'kuyamba kudandaula kuti kusitolo yaikulu koláč ndi yotchipa. Inde ndi yotchipa, chifukwa zambiri zomwe zimanunkhira m'masitolo akuluakulu zimabwera pa lole zitaumitsidwa mu firiji, zitaphikidwa kale mwatheka kufakitale, ndipo m'sitolomo amangozitenthetsa kuti fungo likukokeni. Lamulo la dziko lino limawakakamiza kulemba pa chikwangwani cha mtengo kuti chinthucho chinabwera chitaumitsidwa mu firiji, koma ndi angati amene amawerama kuti awerenge? Banzi lotero madzulo limakhala litauma gwa, pamene buledi wa mayi aja umamudya mpaka tsiku lachitatu. Munthu yemweyo amene akuwerengera makoruna awiri, ndalama za kuno, pa koláč yophikidwa ndi batala weniweni sadandaula akamalipira khofi wa m'kapu ya pepala pa siteshoni. Timasitolo totere tikatsekedwa chifukwa cha lendi, ndi anthu omwewa amene adzayambe kulira pa Facebook kuti masiku ano buledi sakukomanso.