Kambalame ka m'bango ku England ndi ku Netherlands: kamabwerera bwanji chisanu chikakapulula?

Chisanu cha 1947 chitadutsa, ku Britain kunatsala mabanja ochepa kwambiri a kambalame kotchedwa bearded tit, ambiri mwa iwo m'mabango a ku Suffolk, kum'mawa kwa England. Kambalameka sikathawa chisanu. Kukatentha kamadya tizilombo, kukazizira kamatembenukira ku njere za bango, n'kumameza timiyala kuti nthutumba izipera njerezo. Chimakapha ndi njala: ngala za bango zikakutidwa ndi madzi oundana, chipale n'kukwirira njere zogwa pansi, kamasowa pojompha.

Mwayi wake ndi kuswana msanga. Kamaikira mazira 5 kapena 6, kufungatira masiku pafupifupi 12, ndipo ana amachoka m'chisa masabata awiri asanakwane. Pa chaka kangathe kuswa katatu. Koma chisa kamamanga pansi penipeni, m'zinyalala za bango lakale. Bango lotere likasowa, kubereka konseko n'kopanda ntchito.

A ku Netherlands anakathandiza mosadziwa. Ataumitsa nyanja ku Flevoland mu 1957 ndi 1968, anawaza njere za bango pa ndege kuti limwe madzi, nthaka iume, alimi alowe. Mbalamezi zinachulukana moti zina zinawoloka nyanja kukafika ku England. Makasu atalowa, bango lalikulu linatsala ku Oostvaardersplassen, dambo la ku Flevoland komweko. Kwina, monga ku Weerribben, bango limadulidwa nyengo yozizira kuti afolerere nyumba, ndipo wofolera amafuna lachaka chimodzi, lowongoka. Pamene pametedwa mpala chaka ndi chaka, kambalameka sikamanga chisa.

Angelezi alibe malo aakulu choncho, ndiye amachita kulera. Ku Leighton Moss, ku Lancashire, bungwe loteteza mbalame la RSPB limamanga mitolo ya bango ngati tizisakasa, m'mwamba pang'ono kuti madzi akasefukira asamize mazira. Cha mu Okutobala amaika timatebulo ta timiyala m'mbali mwa njira, mbalame n'kumabwera m'mamawa kudzatola. Bango amadula mosinthanasinthana, chigawo chino chaka chino, china kuchisiya chikalambe. Osadula n'komwe nakonso n'kulakwa: zinyalala zimaunjikana, dambo limauma, mitengo n'kulowerera.

Njira ya Angelezi imadya anthu ndi ndalama, ndipo dambo laling'ono chisanu chimodzi chingathe kulisesa. Pamenepo limadalira mbalame zochokera ku mabango ena. Pa mfundo imeneyi, kukula kwa bango ngati kwa ku Flevoland kumaposa tizisakasa.