Malaki 3:10 tinaloweza, nanga Malaki 3:5?

Mudzutseni Mkhristu pakati pausiku mumufunse za Malaki 3:10, akuyankhani asanatsegule n'komwe maso: chakhumi, nyumba yosungiramo, mazenera akumwamba. Ndiye mufunseni za vesi 5 ya mutu womwewo. Zii. Chonsecho pamenepo Mulungu akunena za anthu amene adzawaweruze, ndipo pamodzi ndi anyanga, achigololo ndi olumbira zonama, watchulapo munthu wopondereza wantchito pa malipiro ake.

Anyanga ndi achigololo timawadzudzula paguwa mpaka mawu kusasa. Wodyera wantchito masuku pamutu sindikumumva akutchulidwa.

Lamulo lake silofuna kumasulira ndi a zaumulungu. Deuteronomo 24:15 akuti waganyu umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa ndalamayo. Levitiko 19:13 akuletsa kugona ndi malipiro a munthu mpaka m'mawa. Yakobo 5:4 ndiye akuopsa: malipiro amene mwawakaniza okolola m'minda mwanu akufuula, ndipo Ambuye amva.

Tsono taonani zimene timachita. Januwale, njala ili pachimake, mayi wapalira m'munda mwathu kuyambira mbandakucha, kwawo ana akudikira kuti abwere ndi kaufa. Ife: "Mubwere Lachisanu, panopa sindinatape." Mlonda akutha miyezi akungomva kuti zinthu zikuvuta, pomwe galimoto ya bwana sinagonepo yopanda mafuta. Mtsikana wantchito uja tinakamutenga kumudzi timamutcha "mwana wathu" kuti nkhani ya malipiro isadzuke, ati poti akudya ndi kugona pakhomo pano. Mwana wanu bwanji sapita kusukulu monga enawo?

Pa kalembera wa 2018, anthu oposa atatu mwa anayi alionse m'Malawi anati ndi Akhristu. Ndiye ochita zimenezi si achikunja ayi. Ndi ife ovala mayunifomu a chigwirizano, oimba kwaya, akuluampingo.

N'chifukwa chiyani vesi ina timaikumbatira, ina n'kuilambalala? Ine ndikuona kuti chakhumi chili ndi mboni. Chimalembedwa pakhadi, msungichuma amadziwa, pa Pepa Sande dzina limawerengedwa anthu n'kuwomba m'manja. Komanso ambiri timachipereka ngati tikuika ndalama pa bizinesi, tikuyembekeza kuti zibwera zochuluka. Kulipira waganyu pa nthawi yake kulibe nthungululu. Ndalama imangotuluka, palibe akukuona, ndipo amene wam'lipirayo sangakukweze pa udindo uliwonse. Timakonda malamulo a Mulungu amene amatipindulira kapena amene akudzudzula tchimo la mnzathu. Likangoloza m'thumba mwathu, timakumbuka kuti tili m'nthawi ya chisomo, za Mose zinapita. Koma Malaki 3:10 ilinso m'Chipangano Chakale chomwecho, ndipo Yakobo ali m'Chatsopano.

Musandimve molakwa, sindikuti lekani kupereka kutchalitchi. Perekani. Koma ngati ndalama ya mu envelopu ndi imene mlonda wanu akuidikira kuyambira mwezi watha, si yanu imeneyo, mukupereka ya mwini.

Abusa nawo ndimawamvetsa, ngakhale sindikuwavomereza. Kulalikira Yakobo 5:4 n'kovuta pamene wokaniza antchito malipiro wakhala pa benchi yakutsogolo, ndipo ndi yemweyo anagula malata a tchalitchi.