Naiti ikuwononga thanzi la anamwino athu, ndipo vuto si iwo

Pali madandaulo awiri amene amamveka kawirikawiri anthu akamakamba za anamwino. Loyamba ndi lakuti amagona pantchito usiku, ndipo lachiwiri ndi lakuti amatilangiza kuchepetsa mchere, shuga ndi mafuta pamene eniakewo matupi akungonenepa. Sindikukana kuti alipo ogwira ntchito zachipatala amene amanyozera odwala, ndipo oterowo ayenera kudzudzulidwa mosapsatira. Koma pa nkhani ya tulo ndi kadyedwe, maganizo anga ndi akuti tikuloza chala munthu wosalakwa, chifukwa chimene chikufooketsa anamwino, azamba, madokotala ndi othandizira m'mawodi ndi mmene ntchito ya usiku imakonzedwera.

M'zipatala zathu zambiri, wolowa naiti amafika madzulo dzuwa lisanalowe ndipo amatuluka m'mawa mwake atapereka ripoti kwa anzake, kutanthauza kuti wakhala pantchito maola opitirira 12. Lamulo la zantchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limanena kuti maola wamba ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata. Chifukwa cha kuchepa kwa ogwira ntchito, masiku amene munthu amayenera kupuma ndi amenenso amaitanidwa kukagwira lokamu, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, ndipo ambiri savuta kuvomera popeza malipiro a pamwezi safika kumapeto kwa mwezi.

Thupi la munthu lili ndi nthawi yakeyake imene imayendera kuwala ndi mdima, ndipo silifunsa zimene zalembedwa pa rosita, ndandanda yosonyeza nthawi imene aliyense alowe ntchito. Nkhaniyi ndi yodziwika bwino pa sayansi, moti mu 2017 mphoto ya Nobel ya zamankhwala inaperekedwa kwa Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young chifukwa chofotokoza mmene maselo amasungira nthawi ya usana ndi usiku. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, amene amakonzekeretsa thupi kugona. Mbandakucha kutentha kwa thupi kumatsika ndipo maganizo amachedwa kugwira zinthu. Nthawi imeneyi ndi imenenso mzamba amakhala akumvetsera mtima wa mwana amene ali m'mimba, kapena namwino akuwerengera mlingo wa mankhwala a khanda. Kukacha, kuwala kumauza ubongo kuti udzuke, pomwe mwini thupi akufuna kukagona.

Mchemwali wanga ndi mzamba, ndipo ndaona ndi maso mmene tulo ta masana timavutira. Akatsika minibasi amapeza madzi akutuluka pampopi, choncho ayenera kutunga asanasiye, kenako kuchapa yunifolomu kuti iume asanabwerere madzulo. Akamati alowe m'nyumba dzuwa limakhala litakwera, malata ayamba kutentha, makamaka mwezi wa Okutobala, ndipo chitenje chimene amapachika pazenera sichitchinga kuwala konse. Panja ana akusewera, wailesi ya oyandikana nawo ikulira, wogulitsa makala akugogoda pachipata. Pakagwa zovuta m'dera, ayenera kukaonekera kusiwa, chifukwa mayi amene wagona m'nyumba masana pamene anzake ali pamaliro amanenedwa. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti ngakhale ife abale ake timafika masana n'kumudzutsa kuti tipereke moni, ngati kuti tulo take ndi ta ulesi, pamene kwa iye nthawi imeneyo ndiyo pakati pa usiku.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, koma tulo ta masana timakhala tafupi ndiponso toduladula, ndipo akagwira naiti zingapo zotsatizana kuperewerako kumaunjikana ngati ngongole ya katapila. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi. Palibe mmodzi wa ife angalole kuti amene wamwa mowa aike dilipi pamkono wa mwana wake. Komabe timaona ngati palibe vuto kuti namwino amene sanagone mokwanira kwa masiku angapo asamalire wodi yonse yekha, kenako timadabwa akaodzera pampando kapena akayankha gadiyani mwaukali.

Pa chakudya zinthu ndi zovutanso chimodzimodzi. Usiku malo ogulitsira chakudya chabwino amakhala otseka, ndipo chotsala ndi chiwaya cha pageti, mandasi, zitumbuwa, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera. Wina amanyamula nsima ndi ndiwo m'kontena, koma kopanda potenthetsera, ndipo nthawi yodyera imabwera pamene odwala alola, mwina cha m'ma 2 koloko usiku, nsimayo itazizira kale. Mchemwali wanga amanyamula fulasiki ya tiyi wothira shuga wambiri, ndipo amanena yekha kuti popanda tiyiyo sangafike m'mawa. Izi sizichokera ku umbuli, chifukwa anthuwa amadziwa za kadyedwe kuposa ife tonse. Kusagona kumasokoneza mahomoni amene amalamulira njala, ghrelin wodzutsa njala amakwera ndipo leptin wouza thupi kuti lakhuta amatsika, kotero kuti thupi limalakalaka zotsekemera ndi zamafuta. Komanso usiku thupi silichotsa shuga m'magazi msanga monga limachitira masana, choncho chakudya chomwecho chikadyedwa pakati pa usiku chimalemetsa thupi kuposa chikadyedwa masana. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimawonjezera vutolo, popeza theka la caffeine, chothawitsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhala likadali m'thupi patatha maola pafupifupi 5, ndiye amene wamwa mbandakucha amakafika kunyumba maso ali gwa.

Zotsatira zake zinaoneka pa anamwino eniake. Kafukufuku wotchedwa Nurses' Health Study, amene anayamba mu 1976 ku America ndi anamwino oposa 120,000, anapeza kuti amene agwira ntchito yosinthana usana ndi usiku kwa zaka zambiri amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a shuga ndi a mtima. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndipo lili ku Lyon m'dziko la France, linaika ntchito yausiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa mu 2007, ndipo linabwerezanso zomwezo mu 2019. Kafukufuku wotere anachitika m'mayiko amene anamwino ndi ochuluka kuposa kuno, choncho ndilibe chifukwa choganizira kuti athu ali pabwinopo.

Ena amati namwino safunika masewera olimbitsa thupi chifukwa amayenda usiku wonse m'wodi. Kuimirira, kuwerama ndi kunyamula odwala kumatopetsa miyendo ndi msana, koma sikulimbitsa mtima monga kuyenda ndawala kapena kusewera mpira wamanja. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera otere, ndipo munthu amene tsiku lake lopuma limathera kubweza tulo ndi kuchapa sangazipeze mosavuta.

N'chifukwa chake ndimaona kuti kulangiza ogwira ntchito zachipatala kuti azidzisamalira n'kosakwanira. Odwala sasankha nthawi yodwalira, ndipo naiti sidzatha, koma ingathe kukonzedwa mwa umunthu. Oyang'anira zipatala angachepetse naiti zotsatizana, n'kuonetsetsa kuti wotuluka naiti sakulembedwanso lokamu ya tsiku lomwelo. Angalole poyera kuti ogwira ntchito azisinthana kugona kwa mphindi 20 kapena 30 m'chipinda chokonzedwera zimenezo, wina atatsala maso, m'malo moti aziba tulo pampando mwamantha. Ketulo, potenthetsera chakudya ndi madzi akumwa m'wodi iliyonse si zinthu zoti n'kudikira bajeti ya dziko. Ndikadakondanso kuti anamwino amene amayeza ena BP ndi shuga tsiku lililonse nawonso aziyezedwa chaka ndi chaka pamalo pomwepo pantchito.

Chovuta kwambiri ndi lokamu, ndipo pamenepa ndikupempha bungwe la anamwino ndi azamba la NONM pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kuti alankhule momveka. Kuletsa lokamu lero kungasiye mawodi opanda anthu, komanso kungachotsere mabanja ambiri ndalama ya lendi ndi fizi. Koma kuisiya mmene ilili ndi kuvomereza kuti dziko litseke mipata ya ntchito pogwiritsa ntchito tulo ta anthu omwewo, pamene pali achinyamata amene anamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba ndipo akukhala kunyumba kudikira kulembedwa ntchito. Ndalama zimene zimapita ku lokamu mwezi ndi mwezi ziwerengedwe poyera, n'kuziyerekeza ndi zimene zingafunike polemba anamwino atsopano, kuti tione ngati njira imene tikutsatirayi ilidi yotchipa.