Nanga ndalama zosamalira sitimazo zili pati?

A mtolankhani, mwangotiuza mtengo wogulira sitima za nkhondo umene aphungu akukanganirana, chonsecho ndalama zambiri zimapita mukagula kale: mafuta, zitsulo zosinthira, maphunziro a asilikali, ndi kuitulutsa sitimayo m'madzi kuti aipale dzimbiri n'kukonza mainjini. Pa zaka 30 zimenezi zimaposa mtengo wogulira. Palibe phungu wafunsa zimenezo?

Komanso kuti sitima imodzi izilondera nthawi zonse, pamafunika pafupifupi zitatu, poti ina imakhala ikukonzedwa, ina ikuphunzitsira anthu. Amene akuti "tigule imodzi yokha" aganize bwino. South Africa inagula sitima za nkhondo 4 zotchedwa mafrigeti ndi sitima zoyenda pansi pa madzi 3 ku Germany pa mgwirizano wa 1999, koma nthawi zambiri zimangokhala padoko chifukwa ndalama zokonzera sizikwana.