Gemu imabwezeretseka, koma save ikatayika yatayika

Ndakhala ndikuona anthu ambiri akudandaula kuti malo pamakina awo a magemu atha, ndipo dandauloli ndi lomveka, chifukwa zimapweteka kukhala pansi madzulo, kontirola ili kale m'manja, kenako n'kulandiridwa ndi uthenga woti update, kutanthauza zokonza ndi zowonjezera zimene opanga gemu amatumiza pa intaneti, singalowe popeza malo sakukwanira. Komabe maganizo anga ndi akuti ambirife timaika mtima pa chinthu cholakwika. Timaumirira magemu amene tinapanga dawunilodi, kuopa kuwafufuta ngati kuti akachoka ndiye kuti apitiratu, pamene kafayilo kamene kamasunga pomwe tinalekezera, kamene timangokatchula kuti save, sitikalabadira n'komwe. Gemu imene munagula ili pa akaunti yanu kapena pa diski, ndipo mukhoza kuifufuta lero n'kuibwezeretsa mawa. Update nayonso ili kwa amene anapanga gemuyo. Save yokha ndi imene inapangidwa ndi manja anu, ndipo palibe kumene mungakaigule ikasowa.

Vuto la malo lenilenilo limayambira pa bokosi la makinawo. PlayStation 5 itatuluka mu November 2020 inalengezedwa kuti ili ndi SSD, chipangizo cha m'kati chosungiramo zinthu, ya 825 GB, koma malo amene munthu angaikepo zinthu zake ndi pafupifupi 667 GB basi. Xbox Series X imalembedwa kuti 1 TB koma imapereka pafupifupi 802 GB, ndipo Xbox Series S yoyambirira, ya 512 GB, imasiya pafupifupi 364 GB. Nintendo Switch ya mu 2017 inabwera ndi 32 GB yokha. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa ziwiri. Mbali ina imatengedwa ndi pulogalamu yoyendetsa makinawo, ndipo mbali ina imasowa chifukwa opanga zipangizo amawerengera ndi 1,000 pamene makompyuta ambiri amawerengera ndi 1,024, moti chipangizo cholembedwa 1 TB chimaoneka ngati cha 931 GB chisanaikidwe kalikonse. Munthu amene wadziwa zimenezi asanagule sadzadabwa poona kuti magemu akuluakulu asanu kapena asanu ndi imodzi adzaza makina onse.

Magemuwo nawonso sakhala monga momwe tinawagulira. Red Dead Redemption 2 inatuluka mu 2018 ili pa madiski awiri pa PlayStation 4, ndipo inkafuna malo pafupifupi 100 GB. Mu February 2021 kampani ya Activision inachenjeza yokha kuti PlayStation 4 ya 500 GB mwina singathenso kusunga magemu ake a Call of Duty otchedwa Modern Warfare, Warzone ndi Black Ops Cold War pamodzi ndi zonse zimene zimayendera limodzi ndi magemuwa. Magemu oseweredwa pa intaneti amakula mwezi ndi mwezi chifukwa cha mamapu atsopano, zovala, zida ndi zithunzi zooneka bwino kwambiri, ndipo zambiri mwa izo mumazilandira ngakhale kuti simudzazigwiritsa ntchito.

Amene anaseweretsapo PlayStation 4 akukumbukira chinthu china chimene chinkasokoneza mutu: update ya 2 GB inkatha kukanika pamakina amene ali ndi malo okwana 30 GB. Chifukwa chake chinali chakuti makinawo, akamaliza dawunilodi, ankakopera mafayilo a gemuyo kuti asokerere zatsopanozo pa kope lachiwiri, n'cholinga choti chinachake chikalakwika pakati, gemu yoyambirira isawonongeke. Njirayi ndi yanzeru, koma imafuna malo opumira. N'chifukwa chake ine sindilola kuti makina adzaze mpaka pakamwa. Ndimasiya malo osachepera kukula kwa gemu imodzi yaikulu, ndipo malo amenewo sindiwaona ngati owonongeka, popeza ndi amene amachititsa kuti ma update azilowa usiku ine ndili m'tulo m'malo moti azindidikirira pa nthawi imene ndikufuna kusewera.

Musanafufute gemu iliyonse, yambani mwayang'ana zithunzi ndi mavidiyo amene makinawo anajambula. Pa PlayStation 5, ngati simunasinthe kalikonse, makinawo amasunga kavidiyo ka masekondi 15 nthawi iliyonse imene mwapeza trophy, mphoto imene mumapatsidwa mukakwanitsa chinthu china m'gemu, ndipo pakatha zaka ziwiri timavidiyo timeneti timakhala titadya malo ochuluka ngakhale kuti palibe amene anationera. Yang'ananinso ngati gemu ikulola kuchotsa zigawo zake. Magemu a Call of Duty amalola kuchotsa nkhani ya wosewera mmodzi n'kusiya za pa intaneti zokha, ndipo magemu ena amalola kuchotsa mawu a zinenero zimene simuzimva. Zikatha zimenezi, fufutani mosanyinyirika gemu iliyonse imene mwatha miyezi itatu musanaitsegule. Pa PlayStation, pa Xbox ngakhale pa Switch, kufufuta gemu sikufufuta save yake, chifukwa ziwirizi zimasungidwa posiyana. Ndaona kuti anthu ambiri sadziwa mfundo imeneyi, ndipo amasunga gemu ya 90 GB chaka chathunthu poopa kutaya fayilo imene mwina sikwana n'komwe 50 MB.

Ndikudziwa kuti kwa amene intaneti yawo ndi yochedwa kapena yowerengeka, mawu oti "ingofufutani, mudzapanganso dawunilodi" ndi opweteka. Kwa iwowa hard drive ya pa USB ndi yothandiza, koma aidziwe malire ake. Pa PlayStation 5 mukhoza kusewera magemu a PlayStation 4 ali pa USB pomwepo, koma magemu a PlayStation 5 amangosungidwapo, ndipo kuti muwasewere muyenera kuwabwezera m'kati. Pa Xbox Series zilinso chimodzimodzi ndi magemu opangidwira makina atsopanowa. Kukopera kuchoka pa USB n'kwachangu kusiyana ndi kuyambiranso dawunilodi, choncho drive yotereyi ndi mosungiramo zinthu mwabwino. Amene akufuna malo oseweramo enieni, pa PlayStation 5 akhoza kuika M.2 SSD ya PCIe Gen4, zimene zinaloledwa kuyambira mu September 2021, pa Xbox pali makhadi apadera opangidwa ndi Seagate ndi Western Digital, ndipo Switch 2 ya mu 2025 imafuna khadi la microSD Express, osati microSD wamba imene inkagwira pa Switch yoyamba.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Zaka zingapo zapitazo makina anga anayamba kuchedwa potsegula magemu, ndipo ndinaganiza zowabwezera momwe anachokera kufakitale kuti ndiyambe ndi poyera. Makinawo anandichenjeza kawiri kuti zonse zifufutidwa, ndipo kawiri konseko ndinadina batani lovomera mosazengereza, chifukwa mumtima mwanga ndinali wotsimikiza kuti ma save onse ali pa cloud, kutanthauza malo osungira zinthu pa intaneti. Nditalowanso pa akaunti n'kutsegula mndandanda wa zosungidwa, ndinapeza kuti gemu imene ndinatherapo maola oposa 140 ili ndi save imodzi yokha, ya miyezi isanu m'mbuyomo. Ndinaitsegula ndikuyembekezerabe kuti mwina deti ndi lolakwika, koma munthu wanga wa m'gemumo anali ataimirira pachipata cha tauni yachiwiri, atavala zovala zoyambira, m'thumba muli lupanga limodzi lachabechabe. Ndinali nditathimitsa ndekha chosankha chotumiza ma save pa cloud pa nthawi ina imene ndinkasunga intaneti, ndipo ndinaiwala kuchiyatsanso. Gemuyo ndinaibwezeretsa usiku womwewo, koma sindinaimalize mpaka lero, chifukwa mtima wobwereza ulendo wonsewo unandithera.

Kulakwa kunali kwanga, ndipo sindikukankhira wina aliyense. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti mawu oti "zili pa cloud" ndi ongoganizira mpaka mutatsegula mndandandawo n'kuona deti ndi maso anu. Kutero kumatenga mphindi imodzi, ndipo ndimachita zimenezi nthawi zonse ndisanasinthe makina, ndisanawapereke kokonzetsa, ndisanawabwezere kufakitale, komanso ndikangomaliza gawo lovuta la gemu yaitali.

Makampani atatu opanga Xbox, PlayStation ndi Switch sachita zofanana pa nkhaniyi, ndipo apa ndiye pamene ndili ndi mawu. Pa Xbox, ma save amatumizidwa pa cloud kwaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ndipo walumikizidwa ku intaneti. Pa PlayStation, kusunga pa cloud kumafuna kuti mukhale wolembetsa PlayStation Plus, imene ndi yolipira. Pa PlayStation 4 munthu ankatha kukopera save iliyonse pa fulashi, koma save ya gemu ya PlayStation 5 singakoperedwe payokha motero, ndipo amene sanalembetse amatsala ndi njira yosunga kope la makinawo pa USB, imene pobwezeretsa imafufuta zimene zilipo. Pa Switch, save imakhala m'kati mwa makinawo ndipo singaikidwe pa microSD, moti kuyambira pamene makinawo anatuluka mu March 2017 mpaka pamene Nintendo Switch Online, ntchito yolipira imene imasunga ma save pa cloud, inayamba mu September 2018, kunalibe njira yosungira kope lapadera. Ngakhale lero magemu ena, monga Splatoon 2 ndi magemu akuluakulu a Pokémon, salola cloud imeneyi, ndipo Animal Crossing: New Horizons ili ndi njira yakeyake yosungira chilumba, imene muyenera kuiyatsa nokha m'kati mwa gemuyo.

Chifukwa chimene chimaperekedwa kawirikawiri n'chakuti anthu akaloledwa kukopera ma save angawasinthe n'kubera m'magemu a pa intaneti, kapena kuchulukitsa zinthu zimene zimayenera kukhala zosowa. Ndikuvomereza kuti vutoli lilipo, koma sindikuona kuti likufika pa munthu amene akusewera yekha gemu ya nkhani, wosapikisana ndi wina aliyense. Pa PlayStation yoyamba ija, memori khadi inali ya 128 KB yokha, yogawidwa m'mabuloko 15, ndipo pa PlayStation 2 inali ya 8 MB, koma munthu ankaizula n'kuiika m'thumba, ankatha kukopera save kuchoka pa khadi lina kupita pa linzake, ndipo makina akafa ulendo wake unkatsala m'manja mwake. N'zovuta kundikhutiritsa kuti makina amphamvu kuwirikiza kambirimbiri alephere kupereka ufulu umene kakhadi kaja kankapereka. Kulipiritsa magemu, kulipiritsa maseva a pa intaneti, zonsezo ndikuzimvetsa. Koma kope la ntchito ya munthu mwini liyenera kukhala lotheka popanda kulembetsa mwezi ndi mwezi, makamaka podziwa kuti kulembetsako kukatha, ma save a pa cloud sasungidwa mpaka kalekale. Nintendo imapereka masiku 180 oti munthu alembetsenso kuti awapeze.

Ngakhale kumene cloud ikugwira bwino, pali mphindi imodzi yoopsa imene anthu amaidutsa mothamanga. Mukasewera popanda intaneti, kapena pa makina awiri osiyana, tsiku lina mudzafunsidwa kuti musankhe pakati pa save ya pamakina ndi ya pa cloud. Uthengawo umaonetsa madeti awiri ndi nthawi zake, ndipo imene simunaisankhe imafufutika. Musadine msanga pofuna kuti gemu iyambe. Werengani madeti onse awiri, kumbukirani tsiku limene munasewera komaliza komanso makina amene munaseweretsa, ndipo ngati mukukayika, tulukani osasankha kanthu. Momwemonso, kachizindikiro kozungulira pakona ya sikirini kakamaoneka, gemu ikulemba save, ndipo kuzula chingwe cha magetsi pa nthawi imeneyo kukhoza kusiya fayilo yolembedwa theka imene singatsegukenso. Gemu ikamalola kusunga m'malo angapo, ndimasinthasintha malo atatu, kuti imodzi ikawonongeka kapena ndikapezeka nditatsekeredwa pamalo osatulukika, ndibwerere m'mbuyo ola limodzi m'malo mwa mwezi wathunthu.

Pa ma update, ndimasiyanitsa mitundu iwiri. Ya pulogalamu ya makinawo ndimailandira ikangofika, chifukwa imakonza za chitetezo ndipo popanda iyo zambiri za pa intaneti sizitheka, ndipo sindithimitsa makina ikamalowa. Ya magemu a pa intaneti palibenso kusankha, popeza simungalowe musanaiike. Koma pa gemu yaitali ya wosewera mmodzi, update yaikulu ikabwera ndili pakati pa ulendo, ndimayamba ndatsimikiza kuti kope la save yanga lafika pa cloud, chifukwa save ikatsegulidwa ndi gemu yatsopano nthawi zambiri singabwererenso ku yakale, ndipo pa makina amenewa palibe njira yapafupi yobwezera update m'mbuyo.

Usiku wapitawu ndafufuta magemu anayi amene anangokhala osatsegulidwa kuyambira chaka chatha, ndipo malo oposa 200 GB abwerera. Ndisanatero ndinatsegula mndandanda wa ma save, ndinawerenga deti la iliyonse, ndipo imodzi imene inali isanatumizidwe ndinaitumiza pamanja n'kudikira mpaka itamaliza.