Kanyama ka kumapiri a ku Chile kakufunanji mu taxi ya pa Bree?

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Abale anga a kuno ku Joni, chinchilla si chikwama chopita nacho kuntchito. Si foni, si ambulera, si kamba wa pa ulendo. Kasiyeni kunyumba kanyamako!

M'mawa uno ndinakwera taxi pa ranki ya Bree, m'tauni, kupita ku Randburg. Mukudziwa kale mmene pamakhalira nthawi imeneyo: mzere wautali, mahutala, utsi, minibasi ya Quantum yodzaza moti ndalama zikamadutsa kupita kutsogolo umachita kusowa potulutsira dzanja. Pambali panga panakhala mtsikana wotchena bwino, kachikwama ka maneti kali pamiyendo. Ine ndimayesa muli nsapato. Kenaka chikwama chija ndi kugwedezeka. Foni yake italira ndinamva Chichewa chenicheni, ndinati ha, wakwathu uyu. Kusuzumira m'chikwamamo, timaso tiwiri takuda, ndevu zazitali, makutu ali psuu. Chinchilla. Mu taxi. Mu Januwale.

Kwa amene simukadziwa, kamaoneka ngati gologolo wosakaniza ndi kalulu. Kwathu mumsewu wa ku Ntcheu anyamata akanangoti mbewa yonona iyi, kali pa kamtengo. Koma ine ndimakadziwa bwino chifukwa ndinagwira ntchito zaka zinayi panyumba ina ku Fourways kumene mwana wa abwana ankaweta tiwiri. Wosesa khola ndinali ine. Woika udzu wouma ndinali ine. Ndiye ndikamayankhula apa sindikulota ayi.

Kanyama aka kwawo ndi kumapiri a Andes, uko ku Chile, kozizira komanso kouma. Ubweya wake si wamasewera: pamene ife pamamera tsitsi limodzi, iko pamamera ubweya woposa 50. Ndi bulangete lomwe sikangavule. Thukuta sikatuluka. Kutentha kukangopitirira madigiri 27 moyo wake uli pachiswe. Tsono muuzeni munthu wanzeru, kanyama kotero nkukalowetsa mu Quantum ya anthu 15, dzuwa la Januwale likuswa mtengo, injini ikutentha kunsi, aliyense akupuma mpweya wa mnzake? Makutu ofiira aja si kukongola. Ndi kanyama kakuyesera kutaya kutentha chifukwa kulibe kwina kotulutsira. Kakayamba kugona cham'mbali, kupuma mwawefuwefu, dovu lili chuchuchu, dziwani kuti mwatsala pang'ono kunyamula maliro m'chikwama.

Ndinalephera kupirira. Ndinati, "Achemwali, pepani, kanyama kanuka kakuvutika. Taonani makutuwo."

Yankho lake? "Musadandaule mayi, kanazolowera. Kunyumba kamasungulumwa, ndiye anzanga kuntchito amakakonda."

Kanazolowera! Kanakuuzani liti? Kamasungulumwa! Nthawi yanji, poti masana onse kamakhala kali m'tulo? Chinchilla chimadzuka chakumadzulo ndi usiku, masana ndi nthawi yake yogona. Inu mukanyamuka 5 koloko m'mawa iko ndiye kakuyala mphasa. Ndiye mwakadzutsa, mwakaponya m'chikwama, mwakagwedeza kuchoka m'tauni mpaka ku Randburg, woyendetsa akuponda buleki paliponse pamene wina wakuwa kuti "short left", nyimbo zili gugugu pansi pa mpando. Makutu akuluakulu aja amamva ngakhale tsamba likagwa. Inu wina atakudzutsani pakati pa usiku nkukuikani m'ng'oma ikulira, mungati ndi chikondi chimenecho?

Si chikondi. Ndibwerezanso, si chikondi. Ndi matama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa Facebook chithunzi chikuoneka bwino, ubweya wofewa, anthu akuika timitima, koma m'chikwamamo muli chamoyo chimene chikuphikidwa pang'onopang'ono. Mwina kunyumba magetsi amazimazima, mwina mwini nyumba salola ziweto, zimenezo ndi zanu. Sizisintha kanthu. Taxi si malo ake, ofesi si malo ake, msewu si malo ake.

Ndipo kukafika kuntchitoko aliyense afuna kukagwira. Uyu anyamule, uyo ajambule nako. Kodi mukudziwa kuti kakachita mantha, munthu nkukagwira molimba, kamathothola ubweya nkukusiyira m'manja? Ndi mmene kamapulumukira kwa adani kuthengo. Ine ndinaona ndi maso angawa tsiku lina alendo atabwera ndi ana awo ku Fourways kuja. Kanatsala ndi chigamba pamsana, ubweya kumera patapita miyezi. Ndiye inu muzikaonetsa kwa ofesi yonse tsiku ndi tsiku?

Nanga pobwerera? Mvula ya kuno mukuidziwa, imangoti 4 koloko mabingu, matalala, anthu kuthamangira pansi pa makhonde. Kanyamaka sikayenera kunyowa. Ubweya wake ukanyowa suuma msanga, pakhungu pamayamba matenda. Ndi chifukwa chake sikasamba madzi, kamasamba fumbi, kugubuduka m'kabeseni ka fumbi losalala ngati nkhuku pa phulusa. Mwakaotcha m'mawa, madzulo mukakanyowetse pa ranki. Aaa, anthuni!

Wina anena kuti bwanji osakwera sitima ya Gautrain poti muli mphepo yozizira. Gautrain imene salola ngakhale kutafuna chingamu? Ndipo kuti mukafike pa siteshoni muuluka? Vuto si mtundu wa galimoto. Vuto ndi lakuti mwakachotsa pamalo pamene kanayenera kukhala. Chipinda chozizira, chopanda dzuwa, madzi akumwa, udzu wouma, kamtengo koti kaziluma poti mano ake saleka kukula. Basi. Mutseke chitseko muzipita kuntchito ngati anthu ena onse. Mukabwera madzulo mukapeza kadzuka, kakudumphadumpha, musewere nako mpaka mutope. Tinyama timeneti tikasamalidwa timakhala zaka zoposa 10, tina mpaka 15. Mu taxi ya pa Bree sikangaone Isitala.

Mtsikana uja ananditembenukira nkhongo, mahedifoni m'makutu. Chabwino achemwali, ngati mukuwerenga pano, wakutsina khutu ndi mnansi. Ine sindinafune kukuchititsani manyazi pagulu. Koma mukadzabweranso nako ndidzanenanso, mokweza.

Komanso pali chinthu china chimene chinandiwawa kuposa zonsezi. Ndinapempha kuti titsegule windo pang'ono, mwina kanyamako kapume. Mayi wina kumbuyo, "Ayi, tsitsi langa." Bambo wa pawindo, ngati sanamve. Chavuta ndi chiyani ndi mawindo m'ma taxi a kuno? Anthu 15, wina akutsokomola, wina wadzithira perefyumu botolo lonse, wina akudya magwinya, thukuta lili kamukamu, koma ukangokhudza windo amakuyang'ana ngati waba. M'mwezi wa Juni ndimamvetsa, kumazizira. Koma Januwale? Wigi yanuyo ndi ya ndalama zingati yoti tonse tikomokere?